Musawongole mawu a anganga

Mawu awiri okha ndi amene andilembetsa ndemanga ya sabata ino. Ndinawamva Loweruka lapitali kwathu ku Chiringa, akutuluka m'kamwa mwa mwana wa mlongo wanga, kupita kwa mayi anga ondibereka. Anati: "Anganga, mwaphonya."

Mnyamatayu ali ndi situdiyo. Ndi kachipinda ka kuseri kwa okala ya bambo ake, kufupi ndi msika, denga lake la malata. Khoma lonse analimata mathireyi a mazira, pachitseko anapachika bulangete lakale. Patebulo pali laputopu yogula kwa munthu, maikolofoni imodzi, mahedifoni omanga ndi selotepi, ndi kabokosi kofiira kochepera njerwa, komwe iye ndi anzake amati sound card. Anakagula kwa mnzake wochokera ku Joni atagulitsa nandolo wake wa chaka chatha. M'kachipindamo mumalowa makwaya, anyamata a rap, ngakhale ogulitsa mankhwala a zitsamba ofuna mawu olengezera malonda awo pachimkuzamawu. Ndimamunyadira mwanayu, ndipo ndinamuuza pamaso.

Tsiku limenelo anaitana agogo ake kuti amuimbire nyimbo ya pamtondo ya m'Chilomwe, yoti aiike koyambirira kwa nyimbo yake. Mayi anga njala ya 1949 anaiona ali kamtsikana, ndiye zaka zawo muwerengere nokha. Anavomera ndi mtima wonse, mpaka anavala chitenje chatsopano ngati tsiku la mgonero. Mdzukulu anawaveka mahedifoni pamwamba pa duku, nawayatsira kagogodi ka mukompyuta kaja kamene kamangoti ti, ti, ti osapuma, kuti aziimba motsata iko. Anayamba bwinobwino. Pofika pakati nyimbo inayamba kukoka monga imakokera masiku onse, kagogodi n'kuwasiya m'mbuyo. Mpamene mawu aja anatuluka.

Mayi anavula mahedifoni modekha. "Ndaphonya chiyani, mwana iwe? Nyimboyi imatsata munsi. Mkono ukatopa munsi umachedwa, nayo nyimbo imachedwa. Nanga kanthu kako aka kanasinjapo chimanga?"

Iye anangoseka, nati asadandaule akonza yekha. Ndinaima kumbuyo kwake kuonerera kukonzako. Mawu a mayi anga anaoneka pagalasi la laputopu ngati mzere wa mapiri, monga phiri la Michesi limaonekera ukaima patali. Anaudula mzerewo tizidutswatizidutswa, apa kukoka, apa kufinya, kenako anatsegula pulogalamu yowongola mawu ya Auto-Tune. Atatiikira kuti timve, amene ankaimba m'masipika sanali mayi anga. Anali mayi wa mufoni uja amene amatiuza kuti nambala yomwe tikuimbira siikupezeka. Eni mawu anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa mwaulemu kuti, "Akuimbawo ndi a kuti?"

Kabokosi kaja ndilibe nako chifukwa. Pa zinthu zonse zimene zafika kwathu m'zaka zino, kuphatikizapo mafoni ndi njinga zamoto, ndi zochepa zimene zandisangalatsa kuposa iko. Ntchito yake ndi kumva. Munthu akaimba mpweya umanjenjemera, maikolofoni n'kusandutsa kunjenjemerako kukhala kamphamvu ka magetsi kofooka zedi. Kabokosi kamakuza kamphamvuko, kenako kamakayeza maulendo 44,100 pa sekondi imodzi, mwinanso kuposa apo, ndipo muyeso uliwonse kamaulemba ngati nambala. Nambala zimenezo ndi zomwe kompyuta imasunga. Mukafuna kumvera, kabokosi komweko kamazitembenuza kuti zikhalenso mawu. Muyeso wa 44,100 ndi womwewo wa pa CD zija tinkagula m'tauni. Kompyuta iliyonse ili ndi sound card yakeyake m'mimba mwake, koma yam'katiyo imakhala mothithikana ndi zida zina zamagetsi, imatola phokoso, komanso siitulutsa mavolti 48 amene maikolofoni za mu situdiyo zimafuna kuti zigwire ntchito. N'chifukwa chake anyamata amasaka yapadera yolumikiza pa USB. Kunena mwachidule, khutu limene mwana wa ku Chiringa ali nalo patebulo pake lero limamva moyera kuposa matepi amene anajambula woimba Allan Namoko.

Inu amsinkhu wanga mukukumbukira mmene kujambula nyimbo kunkavutira. M'zaka za m'ma 1950 anali Hugh Tracey amene ankazungulira midzi ya Nyasaland ndi galimoto yodzaza makina, ndipo mawu a makolo athu amene anatola ali ku International Library of African Music, payunivesite ya Rhodes ku South Africa. Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, dziko lakunja n'kuyamba kuwamva. Kuyambira 1964 khomo lalikulu linali la MBC ku Blantyre. Woimba ankanyamula banjo yake kuchokera kumudzi, kukadikira tsiku lake, ndipo likakwana gulu lonse linkaimbira pamodzi tepi ikuzungulira. Namoko, bambo wosaona wa ku Thyolo uja, ndi Chimvu River Jazz Band yake tinawadziwira pawailesi. Kenako kunadzuka Balaka, situdiyo ya IY ya Paul Banda, makaseti n'kudzaza kwa O.G. Issa ku Limbe. Kwa ife okhala kuseri kwa phiri zonsezo zinali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pamsewu wafumbi.

Ndili ndi bala langa pankhani imeneyi, ndipo owerenga akale a danga lino munalimvapo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kwaya ya pampingo pathu inasonkha ndalama miyezi yambiri, abambo kugwira ganyu, amayi kukazinga zitumbuwa, kuti ikajambule chimbale mumzinda. Ananyamuka palole kusanache. Bambo anga ndiwo ankagwira besi, mawu awo ankachita kunjenjemeretsa benchi imene wakhalapo. Anajambula nyimbo zonse tsiku limodzi, napatsidwa kaseti imodzi, n'kuuzidwa kuti tepi yaikulu isungidwa komweko. Kasetiyo inayenda khomo ndi khomo mpaka wailesi ina inaitafuna. Titabwerera ku situdiyo ija patapita zaka ziwiri, anatiuza mosachita manyazi kuti patepi paja anajambulapo gulu lina poti matepi anali odula. Sipanapite zaka zambiri bambo anatisiya. Lero ndikafuna kumva mawu awo ndimatseka maso n'kuyesa kuwakumbuka, ndipo chaka ndi chaka akunka nazilala. Chithunzi chawo chilipo pakhoma, koma chithunzi sichiimba besi.

Ndiye mukaona bambo wamkulu ngati ine ndakwiya ndi mawu awiri a mnyamata, dziwani kuti anandiponda pachilonda. Chimene ife tinkachilira misozi iye ali nacho patebulo, ndipo akuchigwiritsa ntchito yofufuta.

Khalani ola limodzi pamsika wa Chiringa, kapena pa Migowi, kapena pa Phalombe boma, pamene anyamata owotcha nyimbo amatulutsa masipika panja. Tcherani khutu. Kwaya ya mpingo uwu, kwaya ya mpingo uwo, mnyamata wodandaula chibwenzi, wina wotamanda phungu, onsewo ng'oma yawo ndi imodzi. Ng'oma yakenso si yachikopa yowamba pamoto, ndi ija imabwera kale mu FL Studio, pulogalamu ya ku Belgium, yomwe mwana wa ku Lagos ndi wa ku Durban akudinanso nthawi yomweyo. Mawu onse ndi osalala ngati awapaka mafuta. Sungadziwe kuti woimbayu ndi Mlomwe, Myawo kapena Msena, sungadziwe ngati ndi nkhalamba kapena mwana wa sukulu. Kale Namoko akangokhudza banjo unkamudziwa usanamve liwu lake. Michael Yekha sunkamusokoneza ndi Stonard Lungu. Lero pawailesi pakadutsa nyimbo zisanu umayesa ndi imodzi yaitali. Nonse mukudziwa chimene ndikunena, kungoti munazolowera.

Auto-Tune inatuluka ku America mu 1997, ndipo ntchito yake ndi kukokera mawu a munthu pamakwerero 12 a piyano. Kwa kwaya yoimba za m'buku mwina imathandizako. Koma ndani anati nyimbo ya pamtondo anaipekera pa piyano? Tracey yemwe uja ankayenda ndi tizitsulo toyezera kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndipo anaona kuti zoimbira zambiri za kuno kwathu zili ndi makwerero akeake osiyana ndi a Azungu. Pamene kompyuta ikunena kuti mayi anga atsika, iwo aima pomwe amayi awo ankaima, pomwenso agogo awo ankaima asanawoloke malire kuchokera ku Mozambique. Kuwongola mawu otere kuli ngati kuwongola chikwakwa poti n'chopindika. Chiwongoka ndithu, koma udzu sichidulanso.

Chimodzimodzi kagogodi kaja. Nyimbo zathu zambiri zinabadwira pantchito, pamtondo, pakhasu, pobwera kumadzi, ndipo zimapuma monga thupi lipumira. Ng'oma za gule zimathamanga fumbi likakwera, zimabwerera wovina akatopa. Woimba ng'oma amayang'ana mapazi a wovina. Kompyuta siyang'ana munthu.

Mu 2014 bungwe la UNESCO linaika tchopa, gule wathu ife Alomwe, pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Chaka chilichonse mu Okutobala timakhamukira kwa Chonde ku Mulanje kumwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ovina atavala zikopa ndi nthenga, akatundu kumsana. Onerani mmene timajambulira. Aliyense wakweza foni m'mwamba, mphepo ikuwomba pakamaikolofoni, ndipo tikafika kunyumba ng'oma ikumveka ngati mwana akumenya chidebe. Pamene zikutero, mnyamata amene ali ndi chida choti n'kuigwira ng'omayo mmene ilili watsala kumudzi, akudina ng'oma ya ku Belgium. Ine zimenezi zimandiwawa.

Popeza ndalowa kale m'kachipinda kaja, ndinenenso zina zimene ndinaona, chifukwa sizili kwa mwana wa mlongo wanga yekha. Pakabokosi pali kowongolera kozungulira kokuzira mawu olowa, ndipo pambali pake pali kanyali. Kakakhala kobiriwira zili bwino, kakafiira ndiye kuti mawu agunda denga. Anyamata athu amakonda kofiirako, amati mpamene nyimbo ikumveka mphamvu. Akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo pano mwambiwu ukuchitika mmene unanenedwera. Nambala zija zili ndi malire ake, pamene amati 0 dB. Mawu akapyola pamenepo amadulidwa mutu, n'kumveka ngati nsalu ikung'ambika, ndipo chodulidwacho sichibwerera. Jambulani motsika, mudzakweza pambuyo. Nthungululu ya mayi mmodzi imatha kufiiritsa kanyali komwe kwaya yonse sinakafiiritse, ndiye musiyireni malo.

Kung'ung'udza kuja kumene kumamveka pansi pa nyimbo zambiri zojambulira kumudzi si ufiti. Kawirikawiri ndi magetsi athu a 50 Hz akulowera kuchaja ya laputopu, kapena inveta yotchipa ya sola. Zulani chaja, jambulani pabatire, mumve kusiyana kwake. Mathireyi a mazira nawo ndi chikhulupiriro chabe. Saletsa kabaza wodutsa pamsewu, saletsa mvula pamalata. Matilesi woimika pakhoma ndi mabulangete okhuthala amachita bwino kuletsa mawu kubwerera, ngakhale nawonso chigayo cha pafupi sangachitontholetse. Ndipo china chimene chinasokoneza mayi anga ndinachizindikira nditavala mahedifoni ndekha. Mawu ankayamba alowa mukompyuta n'kubwerera m'khutu mochedwa pang'ono, moti munthu umadzimva kawiri, ngati ukukuwa m'phanga. Pakabokosi pali batani lolembedwa direct monitor lothetsa vuto limeneli. Mnyamata anali asanalidinepo chigulire. Wophonya tsiku limenelo sanali anganga.

Anyamata amandiuza kuti, "Amalume, anthu amafuna zoyera. Zakumudzi sizigulika." Ndimawafunsa za ku Zomba. Mu 2013 Ian Brennan ndi mkazi wake Marilena Delli analowa m'ndende ya Zomba ndi zida zonyamula m'manja, najambula akaidi ndi asilikali a ndende akuimba momwe amaimbira. Chimbale chimenecho, cha Zomba Prison Project, ndicho chinali choyamba cha ku Malawi kulowa m'gulu la zopikisana pamphoto za Grammy, mu 2016. Ndimawafunsanso za Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, amene Linny Hoo yake, yomwe anaimba ndi Patience Namadingo, inazungulira dziko lonse pa TikTok iye atapyola zaka 90. Anthu mamiliyoni amene sadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa anakopeka ndi chiyani? Ndi mawu a nkhalamba aja, okhala ndi makwinya ake. Zosalala ali nazo kale kwawo, ndipo amazipanga bwino kuposa ife.

Koma za malonda tizisiye, chifukwa si zimene zikundisowetsa tulo. Mwambi umene ndimaukonda, womwe ndaubwereza kambiri m'danga lino, ndi wakuti mawu a akuluakulu akoma akagonera. Timaunena potanthauza kuti malangizo a makolo timawamvetsa patapita nthawi. Ine ndimaumvanso mwanjira ina. Kuti chinthu chigonere chiyenera kusungidwa. Nsima imene sunaivundikire siigonera, agalu amadya usiku. Mawu a akuluakulu athu akugona kuti? Kwathu kuno Chilomwe chikutha m'kamwa mwa ana. Mwana wa mlongo wanga amamva moni ndi mawu owerengeka, nyimbo imene agogo ake anaimba sanaimve tanthauzo, anangoikonda kamvekedwe. Amene akudziwa nyimbo za chinamwali, za pamaliro, za kopempha mvula, nthano za madzulo ndi mayina a midzi imene makolo anadutsamo pobwera kuno, atsala owerengeka, ndipo mwezi uliwonse timaperekeza mmodzi kumanda.

Tisaiwalenso dera limene tikukhala. Mu Marichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu mazanamazana kuno ku Phalombe. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo, midzi ina ya m'mphepete mwa phiri n'kukwiririka ndi miyala ndi matope. Tinawerenga anthu, nyumba, milatho ndi minda. Palibe amene anawerenga nyimbo zimene zinapita ndi madzi usiku umenewo. Ife a kuno sitiyenera kuuzidwa ndi munthu kuti mawa silidziwika.

Pamenepa m'pamene pali kusasamala kwina kumene kumandikumbutsa tepi ya bambo anga. Mnyamata akamaliza nyimbo amaisandutsa MP3, n'kuitumiza pa WhatsApp, kenako amafufuta zoyambirira zonse kuti apeze malo mulaputopu. MP3 ndi ufa wosefa, zina zimatsala pasefa kuti fayilo ichepe. Mphindi imodzi ya WAV yofanana ndi ya pa CD imadya pafupifupi 10 MB, pamene MP3 wamba imadya 1 MB yokha, ndipo kusiyanako ndi zimene zatayidwa. Yomvera pafoni ikhale MP3, palibe cholakwa. Koma choyambirira, mawu osakhudzidwa aja monga anatulukira pakamwa, chisungidwe mu WAV, ndipo chisakhale malo amodzi. Laputopu imagwa, imabedwa, imalowa madzi. Fulashi imodzi ikhale kwa inu, ina kwa mbale wanu wa kutauni, ndipo ngati muli ndi bandulo ikaninso pa intaneti. Dzina la fayilo linene amene akuimba, mudzi wawo ndi tsiku. Ndinaona m'laputopu muja mafayilo otchedwa "new 1", "new 2", "new final". Zaka 20 zikubwerazi adzadziwa ndani kuti "new 2" ndi mayi anga?

Inu a mawailesi a m'madera, ngati Mzati ya ku Mulanje imene timaimva kwathu, muli ndi mbali yanu. Patulani ngakhale theka la ola pasabata la mawu osakonzedwa ochokera m'midzi, ndipo muzitchula dzina la mnyamata amene wajambula. Mudzaona okha akunyamula mabokosi awo kupita kwa agogo. Inunso abusa ndi atsogoleri a makwaya, mukalipira situdiyo muziitanitsa mafayilo oyambirira, ndi anu, munalipira. Ndipo woimbayo, kaya ndi nkhalamba yosadziwa kulemba, afunsidwe kaye ngati akulola kuti mawu ake aikidwe m'nyimbo ya wina, dzina lake litchulidwe, ndipo kakapezeka kangachepe alandireko. Bungwe la COSOMA lilipo chifukwa cha zoterezi.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinamuitana mnyamata uja. "Mphwanga, zula zida zakozo, tiye kwa anganga ako." Anang'ung'udza kuti panja pali phokoso, koma ananyamula. Tinaika tebulo pansi pa mtengo wa mango, laputopu pabatire, maikolofoni titaiveka sokosi chifukwa cha mphepo. Mlongo wanga anatulutsa mtondo ndi minsi iwiri, nathiramo chimanga chenicheni. Mahedifoni anavala mnyamata yekha, kagogodi tinakazimitsa. Mayi sanathe kunyamula munsi nthawi yaitali, anangoyambitsa n'kupatsira mdzukulu wawo wamkazi, iwo n'kukhala pamphasa kutsogolera nyimbo, amayi awiri oyandikana nafe akuvomera. Ataimaliza anaimbanso ina osapemphedwa, kenako anayamba kufotokoza amene anawaphunzitsa, ndi chimene mawu ake akunena. Ndinamukodola mnyamata kuti asaimitse. Ndinamuona atagwira mahedifoni ndi manja onse awiri, maso ali pansi, osayang'ananso pagalasi.

Inu amene muli ndi kabokosi kotere ku Chiringa, ku Migowi, ku Nkhulambe, ku Muloza ndi kwina konse, nyimbo zanu za biti pitirizani, ndi ntchito yanu ndipo ikudyetsani. Ndikupempha tsiku limodzi lokha mvula isanayambe kugogoda pamalata. Pitani kwa wamkulu wa pamudzi panu, muyatse, mukhale chete, ndipo mukabwerako musakonze kanthu.

Fayilo yathu ndi ya mphindi 23. Ili malo atatu, imodzi ili m'thumba mwanga muno. Pamphindi yachinayi tambala wa mlongo wanga akulira, ndipo ndamuuza mnyamata kuti asamuchotse.